Cimfine ca mphuno imodzi: tiyambe tayang'ana dzino

Caka ciliconse mphepo ya June ndi July ikayamba kuomba, m'machalichi athu kuno ku Mkaika mumadzaza kutsokomola ndi kumina. Palibe amene amadabwa. Fumbi la popuntha cimanga, utsi wa lupsa ndi kuzizira kwa m'mawa zimabweretsa cimfine, ndipo cimfine cimatha cokha pakapita sabata imodzi kapena awiri. Koma alipo ena pakati pathu amene cimfine cao sicitha. Mwambo wa Kulamba umafika n'kupita, dzuwa la October limaswa mtengo, mvula yoyamba imagwa, iwo akali ndi kansalu m'manja. Mamina ao amatuluka mphuno imodzi yokha, ndi acikasu, ndipo amanunkha. Pa benchi la m'chalichi anzao amasendera pang'ono mwaulemu, osakamba kanthu. Ife lero tifuna kukamba za anthu amenewa, cifukwa ambiri a iwo akumwa mankhwala a mphuno pamene wolakwa ndi dzino.

Mumphakati wathu muli bambo wina, mlimi wa thonje ndi nshawa, amenenso amaimba kwaya. Dzino lake lacibwano la m'mwamba, mbali ya kumanzere, linayamba kuwawa nthawi yopalira. Anapirira, pakuti udzu sudikira munthu. Patapita masabata angapo dzino linaleka kuwawa, iye n'kuyamika Mulungu kuti wacira. Pofika nthawi yokumba nshawa mphuno ya kumanzere inatsekeka. Akawerama, tsaya linali kulemera ngati muli mwala, ndipo m'kamwa munali kukoma zoipa m'mawa uliwonse. Anagula makapisozi pa kantemba katatu konse. Anapita ku kiliniki kawiri, n'kubwerako ndi mankhwala a cimfine. Za dzino sanachule, popeza silinali kuwawa, ndipo amene anamuona sanamuuze kuti ayasamule. Acibale anayamba kunong'onezana kuti pali munthu, cifukwa thonje lake linacita bwino caka cimeneco. Akulu amati tsoka silinunkha, koma ili linali kununkha ndithu, mpaka mkazi wake anayamba kugona cotembenuka. Pa ulendo wacitatu anapeza namwino amene anatenga toci, n'kuunika m'kamwa, n'kugogoda mano limodzi-limodzi. Atafika pa dzino lija, bambo wathu anadumpha. Inali itapita miyezi isanu ndi itatu.

Kodi dzino ndi mphuno zikugwirizana bwanji? Ikani cala pa tsaya lanu, pansi pa diso, pafupi ndi mphuno. Fupa limene mwakhudzalo si lolimba mpaka m'kati ngati mwala. Lili ndi mphako, imodzi kumanja, ina kumanzere, ndipo a cipatala amaicha sinus. Mngelezi wina, Nathaniel Highmore, analemba za mphako imeneyi kale kwambiri mu 1651. Mwa munthu wathanzi mphakoyi imakhala ndi mpweya cabe, ndipo ili ndi kabowo kamodzi kakang'ono kotulukira m'mphuno. Covuta n'cakuti kabowoko kali m'mwamba, pafupi ndi denga, osati pansi. Zili ngati nkhokwe imene khomo lake lili ku denga: cimene calowa sicituluka msanga.

Tsono pansi pa mphakoyi ndi pamene pali mizu ya mano acibwano a m'mwamba. Kawirikawiri dzino lililonse lacibwano la m'mwamba lili ndi mizu itatu. Mwa anthu ena, pakati pa mizu ndi mphako pali fupa lokwanira. Mwa ena fupalo ndi lopyapyala ngati khoko la dzira, ndipo mwa ena mizu imacita kusuzumira m'mphako mwenimweni. Dzino likabooka, tizilombo timalowa mpaka kufika pa mtsempha wa m'kati. Pamenepo ndi pamene munthu sagona. Mtsempha uja ukafa, ululu umatha. Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Dzino lobooka limene laleka kuwawa lokha silinacire ai, lafa. Tizilombo tija timapitirira kutsika ndi muzu, mafinya amasonkhana ku nsonga kwake, ndipo amafuna potulukira. Mwa ena amatulukira pa nkhama ngati kacithupsa kamene kamaphulika n'kubweranso. Mwa ena amaboola kafupa kopyapyala kaja n'kulowa m'mphako. Kucokera pamenepo munthu ali ndi cimfine cosatha.

Kwa zaka zambiri madokotala anali kuphunzitsidwa kuti mwa anthu 10 odwala mphako ya m'tsaya, mmodzi ndiye amadwala cifukwa ca dzino. Makina ojambula a CT atafala, zinaoneka kuti ciwerengero cimeneco cinali cocepa, makamaka mwa anthu amene mphako yadwala mbali imodzi yokha. Ife kuno sitifunika makina kuti tiyambe kukayikira. Cimfine ca masiku onse cimagwira mphuno zonse ziwiri, cimayenda m'nyumba yonse kuyambira ana mpaka agogo, ndipo cimatha. Ca dzino cimagwira munthu mmodzi, mphuno imodzi, mbali yomweyo imene kuli dzino loola kapena citsa ca dzino lothyoka, cimanunkha, ndipo mukamwa mankhwala cimabisala masiku ocepa n'kubweranso.

Tinenenso mbali inayo, kuopa kuti wina angathamangire kukazulitsa mano abwino. Nthawi zina cimfine camphamvu ndico cimatupitsa mphako, ndipo mano onse a m'mwamba mbali imeneyo amamveka kuwawa pamodzi, makamaka mukawerama kapena njinga ikagunda bampu. Apo mano alibe mlandu, ndipo cimfine cikatha nawo amakhala cete. Kusiyanitsa ziwirizi ndi nchito ya wa cipatala: amayang'ana, amagogoda, ndipo ngati n'kofunika amajambula. Ndiponso mphuno imodzi ikamatuluka magazi kawirikawiri, kapena tsaya likamakula pang'onopang'ono mopanda ululu, pangakhale matenda ena aakulu amene afunika kuonedwa msanga. Mwa mwana wamng'ono, mphuno imodzi yonunkha nthawi zambiri imatanthauza kuti analowetsamo njere ya cimanga kapena nyemba.

Tiyeni tikambe za makapisozi, pakuti apa ndi pamene ndalama zathu zikuthera. Mlimi aliyense adziwa kapinga. Ukadula masamba ake ndi khasu, munda umaoneka woyera sabata imodzi, kenaka wamera ponseponse, cifukwa mizu inatsala pansi. Dzino lakufa ndi cimodzimodzi. M'kati mwake simuyendanso magazi, ndiye mankhwala amene mwamwa safika kumene tizilombo tabisala. Amacepetsa kutupa m'mbali, inu n'kuona ngati mwacira, mizu ili cikhalire. Coipa cina n'cakuti timagula makapisozi anai kapena asanu, malinga ndi ndalama imene ili m'thumba, n'kuleka tikamva bwino. Kumwa kotere kumaphunzitsa tizilombo kulimbana ndi mankhwala, ndipo tsiku limene mwana adzadwale cibayo, mankhwala omwewo sadzagwira nchito. Bambo wa mumphakati wathu atawerengera zimene anaononga pa kantemba, ndi masiku amene sanapite kumunda, zinaposa ndalama ya ulendo wa ku cipatala kangapo.

Ndiye pali zinthu zimene timaika m'bowo la dzino. Taona anthu akudonthezamo asidi wa batire, mafuta a mabuleki, petulo. Ena amatsindiramo fodya wa m'mphuno, ena amagoneka mbulu wa asipirini pa nkhama mpaka patatuluka cilonda coyera. Zonsezi zimaocha mnofu, ndipo zikapha mtsempha zimangofulumizitsa ulendo wa mafinya wopita m'mphako. Alipo amene amafukiza m'kamwa n'kukuonetsani tinthu toyera m'madzi kuti ndi mphutsi zacoka m'dzino. M'dzino mulibe mphutsi. Cimaboola mano ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya shuga wotsalira m'kamwa n'kutulutsa asidi amene amasungunula dzino. Makolo athu anali kutafuna nzimbe pa nyengo yake. Ife timathira masipuni anai a shuga mu tiyi, ana athu amayamwa maswiti ndi zakumwa zotsekemera kuyambira m'mawa mpaka madzulo pa msika wa Katete. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni, kapena kuti pafupifupi theka la anthu a pa dziko lonse, ali ndi matenda a m'kamwa. Si ufiti wa ku Mkaika.

Cimene cimaopsa ambiri ndi mau amene tinakula tikumva, akuti ukazulitsa dzino la m'mwamba maso amafa. Si zoona. Mtsempha umene timaonera ndi wina, ndipo mpando wa dokotala wa mano suufika. Cimene cingaononge diso ndi kusiya dzino loola, pakuti denga la mphako ija ndilo pansi pa diso. Mafinya akaculuka angathe kukwera, cikope n'kutupa, diso n'kutsekeka, ndipo mwa anthu ocepa amafika mpaka ku ubongo. Conco munthu amene tsaya latupa mpaka ku diso, thupi latentha, kamwa likukanika kutseguka kapena akulephera kumeza, asadikire kuce. Mangani ng'ombe pa cikocikale, pezani honda, mupite naye usiku womwewo. Odwala shuga, amai oyembekezera ndi amene citetezo ca m'thupi n'cocepa asamale koposa. Ndipo amai oyembekezera asabise dzino poopa kuti mankhwala adzapweteka mwana. Auzeni a cipatala kuti muli ndi pakati, iwo adziwa zoyenera kupereka.

Si dzino lililonse lobooka limene lifunika kuzula. Likaonedwa msanga amalimata. Ngakhale lakufa, pali njira yotsuka m'kati mwa mizu n'kutseka, koma imafuna maulendo angapo ndi ndalama, ndipo imapezeka makamaka m'matauni. Kwa ambiri a ife amene timafika dzino litatsala citsa, cotsala ndi kuzula. Amabaya jekeseni ya dzanzi, ndipo cimene mumamva ndi kukankha cabe. Musapite ndi njala, musapite mutamwa mowa kuti mulimbe mtima, ndipo muwauze ngati muli ndi BP, shuga, matenda a mtima, kapena ngati magazi anu amacedwa kuleka mukadziceka. Nyamulani mankhwala onse amene mumamwa.

Kuzula ndi theka la nchito. Theka linalo limacitikira kunyumba, ndipo ndi pamene alimi timalakwitsa. Pamene pacoka dzino pamaundana magazi, ndipo magazi oundanawo ndiwo civundikiro ca bala. Thonje limene akuikani mulilume mwamphamvu kwa theka la ola kapena monga akuuzirani. Tsiku loyamba musacukuce m'kamwa, musalavule-lavule, musayamwe bala, musalipapase ndi lilime, ndi cala kapena ndi kamtengo. Idyani phala lozizirirapo, nthoci, mbatata yofewa, nsima yofewa ndi ndiwo zosalimba, ndipo mutafunire mbali inayo. Cimanga cokazinga ndi nshawa zokazinga ziyambe zadikira. Kuyambira tsiku laciwiri, sungunulani theka la kasipuni ka mcere m'kapu ya madzi owiritsa ofunda, mucukuce mofatsa mukatha kudya, katatu kapena kanai pa tsiku kwa sabata imodzi. Mano enawo pitirizani kutsuka. Fodya ndi kacasu ndi adani a bala limeneli. Magazi oundana aja akacoka msanga, fupa limatsala poyera, ndipo pa tsiku lacitatu kapena lacinai kumabwera ululu woposa wa dzino lenilenilo. Zikatero bwererani ku cipatala, pali mankhwala oika pa bala.

Kwa dzino la m'mwamba pali lamulo lina loonjezera, ndipo tipempha kuti muliwerenge kawiri. Popeza mizu inali pafupi ndi mphako, nthawi zina dzino likacoka pamatsala kabowo kolumikiza kamwa ndi mphako. Kabowo kakang'ono kamatsekeka kokha ngati simukasokoneza. Cimene cimakasokoneza ndi mpweya wokankhidwa mwamphamvu. Conco kwa masabata awiri, kapena monga a cipatala anenera, musamine. Mamina akatuluka, pukutani cabe. Mukafuna kuyetsemula, tsegulani kamwa, musatsine mphuno. Musamwe ndi kapaipi. Amai, musauzire moto ndi pakamwa, tengani mbale mukupize, kapena mutume mwana. A mpira asaimbe wezulo. Kusenza matumba a cimanga a makilogalamu 50 kupita nawo ku shedi, kukweza mabelo a thonje, kuwerama tsiku lonse m'dimba, zonsezi zidikire. Ngati mukumwa madzi ndipo ena akutulukira m'mphuno, kapena mukumva mpweya ukudutsa pa bala, musacite manyazi ndipo musatsekepo ndi kansalu. Bwererani msanga. Bowo likakhala latsopano amalisoka mosavuta, koma likakhalitsa miyezi limauma m'mbali n'kukhala njira, ndipo pamafunika opaleshoni.

Musayembekezere kuti mphuno idzatseguka tsiku lomwelo. Mphako imene yakhala ndi mafinya miyezi yambiri imatenga masabata kuti iyere. Fungo ndilo limayamba kutha, kenaka kulemera kwa tsaya. Ngati akupatsani mankhwala opha tizilombo, apa ndiye amagwira nchito, cifukwa citsa cacoka, ndipo mumalize onse. Alipo ocepa amene kabowo ka m'mphuno kaja kanatsekeka ndi kutupa, moti ngakhale dzino litacoka mphako simayera. Amenewa amatumizidwa kwa madokotala a mphuno, makutu ndi pakhosi, monga a ku UTH ku Lusaka. Ngati papita mwezi ndi theka fungo likalipo, pitani mukanene.

Malamulo onsewa ndi osavuta kulemba. Kuwasunga n'kovuta kwa mai amene ndiye amatunga madzi, amatola nkhuni, amaphika, ndiponso kwa bambo amene matumba ake ali pabwalo ogula akudikira. Apa ndi pamene mphakati, amai a cigwirizano ndi makopaletivi athu ayenera kuonekera. Timadziwa kusonkhana pa maliro, kukumba manda, kuphika masiku atatu. Wozulidwa dzino timamuseka kuti ndi kadzino cabe, n'kumupatsa khasu m'mawa mwake. Masabata awiri omutungira madzi ndi kumusenzera katundu si cinthu cacikulu pa mpingo. Ndipo ciyembekezo cathu n'cakuti azibusa, ansembe ndi akatekisiti, amene amaona nkhope zathu Sande iliyonse, adzalimba mtima kumutengera pambali munthu wa mphuno yonunkha n'kumufunsa za mano ake, m'malo moti tonse tizingosendera pa benchi.

Nthawi yabwino yopita ndi ino ya cilimwe, ndalama ya thonje, soya ndi mpendadzuwa ikali m'thumba, mitsinje ili youma ndipo munda sukuitana. Timadziwa kupatula ya fataleza, ya mbeu, ya yunifomu ya ana ndi ya malata. Tipatulenso ya ulendo wa dzino. Dzino limene mwalisiya mu August lidzakudzutsani mu January, milatho itamira, khasu lili m'manja.

Komabe sitingaike mlandu wonse pa mlimi. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, inde, koma citsekoco cikhale pafupi. Boma linacotsa malipiro a m'zipatala za kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha kuti thandizo lifike pafupi ndi anthu. Kwa dzino, ndalama yaikulu imene munthu amalipira ndi ya mseu. Wocokera m'midzi ya kwa Kawaza, kwa Kathumba kapena kwa Pembamoyo ayenera kuyamba wafika pa kiliniki, kenaka atumizidwe ku cipatala cacikulu monga St Francis ku Katete, cimene cakhala cikutumikira anthu kuyambira 1948 ndipo Anglican ndi Akatolika amaciyendetsa pamodzi, kapena Nyanje ku Sinda, kapena Chipata Central, makilomita oposa 80 kucokera pa Katete. Akauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa kudzaonetsa bala, ndi ulendo winanso. Zambia ili ndi sukulu yophunzitsa za mano ku Lusaka, ndipo sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 2011, imaphunzitsanso madokotala a mano. Tikupempha a zaumoyo m'maboma athu atatu kuti ena mwa ophunzira amenewa azifika kwa ife, ngakhale tsiku limodzi pa mwezi pa kiliniki iliyonse yaikulu, ndipo tsikulo lizilengezedwa m'machalichi ndi pa wailesi kukali nthawi.

Pempho lathu laciwiri silifuna ndalama iliyonse. Namwino kapena clinical officer akaona munthu wamkulu amene wabwera kaciwiri ndi mphuno imodzi yotseka ndi yonunkha, amuuze kuti ayasamule. Toci ndi kamtengo kopanira lilime ndi zokwanira. Tidziwa kuti mzere umakhala wautali ndipo wa nchito ali yekha, koma mphindi imodzi imeneyo inapulumutsa bambo wa mumphakati wathu. Nafenso odwala tileke kusankha zouza a cipatala. Chulani dzino lililonse limene linawawapo, ngakhale linaleka caka catha.

Lacitatu likupita kwa okonza mwambo wa Kulamba. Kumapeto kwa August Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo makampani a mbeu, a mafoni ndi a zakumwa amamanga matenti ao. Tenti imodzi ya a mano, yongoyang'ana m'kamwa ndi kulembera anthu makalata opita nawo ku cipatala, ingaone m'masiku ocepa anthu amene sakanafika pa mpando wa dokotala m'zaka khumi.

Bambo uja anazulidwa dzino Laciwiri lina mu September. Anamusoka pang'ono cifukwa muzu umodzi unali utafika m'mphako. Ana a mlongo wake ndiwo anamusenzera matumba, ndipo a kwaya anamuuza kuti akhale kumbuyo masabata awiri, azingoomba m'manja. Fungo linatha pa sabata yaciwiri, mphuno inatseguka bwinobwino patapita mwezi. Acibale amene anali kunong'ona za munthu uja sanapepese kwa aliyense, ndipo amene anali kukayikiridwa mpaka lero sanadziwe kuti dzina lake linachulidwapo.